Za Maulendo: Opuma pa Nchito Oyenda Kutali

Pa mseu waukulu wocokera ku Nakonde kudzera pa Kapiri Mposhi kufikira ku Livingstone pamapita magalimoto a Land Rover ndi Land Cruiser osenza hema pa denga. Ena mwa eni ake ndi acikulire a ku Ulaya amene anapuma pa nchito, nafuna kuyenda pakati pa Cairo ndi Cape Town, mtunda wa makilomita oposa 10,000. Oyamba kuutsiriza pa galimoto anali a Court Treatt ndi anzao, amene ananyamuka mu 1924 nafika mu 1926.

Ulendo wotere sauyamba mwacibwana. Wapaulendo afunika cikalata cochedwa Carnet de Passages, cimene cilola galimoto kulowa m'maiko ena popanda msonkho kwa caka cimodzi. Kuti acilandire apereka cikole ca ndalama, ndipo galimotoyo ikapanda kuturuka m'dzikomo, cikoleco cipita. Afunikanso cilolezo coyendetsera kunja ndi khadi la katemera wa yellow fever.

Mawilo anai okoka pamodzi athandiza pa mcenga ndi m'matope, koma pa nkhondo alibe mphamvu. Nkhondo imene inabuka ku Sudan mu 2023 inatseka njirayo, ndipo ena anatumiza magalimoto ao pa sitima ya pamadzi kufikira ku Mombasa.

Ndalama za penshoni zikatha sizibweranso. Cifukwa cace wanzeru ayamba wawerengera mafuta, matayala ndi cipatala asanagule galimoto, napatula ndalama zobwerera kwao.