Za Zoimbira M'nyumba: Musanyengedwe ndi Mawati

Ampulifaya yophatikiza ili ndi zigawo ziŵiri m'bokosi limodzi: cina cimalandira ndi kukonza mau ocokera ku cimbale, cinzake cimapatsa masipika mphamvu.

Ogulitsa amakonda kuchula mawati ambirimbiri. Koma dziŵani kuti nyimbo ikati imveke mokweza kaŵiri, pamafunika mawati oculuka kakhumi. NAD 3020 ya mu 1978 inali ndi mawati 20 okha mbali iliyonse, komabe inachuka kwambiri cifukwa ca kumveka bwino.

Tsono musanataye ndalama zambiri pa Accuphase kapena McIntosh, tengani cimbale cimene mumacidziŵa, mukacimvetsere pa masipika onga anu, motsitsa mau. Ampulifaya yabwino imamveketsa liu lililonse la woimba popanda kudzutsa ana ogona.