Kuyeza magazi kokha sikungateteze abambo a m'chigwa cha Shire ku khansa ya prostate

Khansa ya prostate ili m'gulu la khansa zofala kwambiri pakati pa abambo m'dziko muno, choncho akuluakulu a zaumoyo m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje ayenera kudziwa kuti njira yoyezera matendawa ndi yodalirika motani asanaikepo ndalama za boma.

Prostate ndi kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo ndipo kanazinga njira ya mkodzo. Kachiwaloka kamatulutsa chinthu chotchedwa PSA, chomwe madokotala amayeza kuchuluka kwake m'magazi. Dziko la America lidavomereza njirayi m'chaka cha 1994 pofufuza khansa mwa abambo amene sakumva kudwala.

Vuto ndi lakuti PSA imakweranso pa zifukwa zina, monga kukula kwa prostate chifukwa cha ukalamba, matenda a m'njira ya mkodzo, ngakhalenso kupalasa njinga kwambiri, komwe ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku kwa akabaza a pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Mwa abambo anayi alionse amene PSA yawo yakwera, pafupifupi atatu sapezeka ndi khansa. Komanso kafukufuku wa ku America wa m'chaka cha 2004 adapeza khansa mwa abambo 15 pa 100 alionse omwe PSA yawo inali yosadetsa nkhawa.

M'chaka cha 2009, kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya adaonetsa kuti kuyeza PSA kudachepetsa imfa za khansayi ndi 20 peresenti, pomwe wa ku America sadapeze kusiyana. Kuyezaku kumapezanso khansa zokula pang'onopang'ono zomwe sizikanapha munthu, koma chithandizo chake chimatha kumusiya akulephera kusunga mkodzo kapena atatha mphamvu za m'banja. N'chifukwa chake m'chaka cha 2018 akatswiri a ku America adalangiza kuti bambo wa zaka 55 mpaka 69 azisankha yekha atakambirana ndi dokotala.

Izi sizikutanthauza kuti njirayi itayidwe, pakuti abambo akuda ali pachiopsezo chachikulu, ndipo ambiri kuno amafika kuchipatala khansa itafalikira kale m'mafupa. M'chigwa cha Shire muli vuto linanso la likodzo, lomwe lidazolowetsa anthu kuona magazi mumkodzo ngati chinthu wamba.

Kuti khansa itsimikizike, pamafunika kudula kanyama ka prostate ndi kukaunika, ntchito ya akatswiri a m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kuchokera pa boma la Nsanje. Kumuuza mlimi wa ku Marka kuti PSA yake yakwera, popanda njira yomufikitsira kumeneko, n'kumusenzetsa nkhawa yopanda chithandizo.

Choncho makhonsolo awiriwa achita bwino kuika patsogolo maphunziro a ogwira ntchito m'zipatala, kubwereza kuyeza pakapita masabata angapo ngati PSA yakwera, ndi mayendedwe a odwala otumizidwa ku Blantyre. Uthenga wopita kumidzi ukhale wakuti bambo amene akuvutika pokodza, akuona magazi mumkodzo, kapena amene bambo ake kapena mbale wake wa bere limodzi adadwalapo khansayi, apite kuchipatala msanga.