Msiyeni Ash apume, ana a lero ali ndi awo

Pali mkangano womwe sukuzilala pakati pa anthu okonda katuni ya Pokémon, ndipo sabata ino ndati nane ndiponyepo mawu. Ena mwa inu awerengi mudabwa kuti munthu wamkulu n'kumadya malo a m'nyuzipepala ndi nkhani ya makatuni. Dekhani, chifukwa ambiri amene akukokanakokana pankhaniyi si ana ayi. Ndi abambo ndi amayi a pabanja pawo, omwe adakula akuonera mnyamata wotchedwa Ash Ketchum ndi kanyama kake kachikasu kaja, Pikachu.

Katuniyi idayamba kuonetsedwa ku Japan pa 1 Epulo 1997 pa kanema wa TV Tokyo, patangotha chaka chitulukireni masewero a pa Game Boy a dzina lomweli. Ash, yemwe kwawoko amamutcha Satoshi, adanyamuka ku Pallet Town ali ndi zaka 10, mtima uli pa kukhala katswiri wophunzitsa tinyama totchedwa Pokémon ndi kupikisana nato. Adayenda ulendowu zaka zoposa 25, m'magawo oposa 1,200, koma iye zaka zake zidangoima pa 10 pomwepo.

Chikho chidamuvuta mnyamatayu. Mumpikisano woyamba adatuluka atatsala anthu 16. Ku Sinnoh adathera mu semifainolo. Mu 2016 adafika mu fainolo ya ku Kalos n'kugonja kwa Alain, ndipo omutsatira adapsa mtima kwabasi. Adadzapambana ku Alola mu 2019, kenaka mu Novembala 2022 adagonjetsa Leon n'kukhala katswiri wa dziko lonse. Mwezi wotsatira eni katuniyi adalengeza kuti nkhani ya Ash ikutha. Gawo lake lomaliza lidaonetsedwa pa 24 Malichi 2023, ndipo pa 14 Epulo padayamba Pokémon Horizons, momwe akutsogolera ndi mtsikana Liko ndi mnyamata Roy.

Apa ndiye padagawikana anthu. Gulu loyamba likuti Pokémon yopanda Ash ndi ndiwo zopanda mchere, abwerere basi. Likudandaulanso kuti mathero ake adali ozizira: bambo ake sitidawaone nkhope, iye sadakule, adangoloza msewu ndi Pikachu wake monga mwa masiku onse. Gulu lachiwiri likufuna Ash abwere ali bambo wamkulu, mwina mphunzitsi wa ana atsopanowa. Ena mwa iwo adafika pofalitsa zoti Liko ndi mwana wake, mpaka katuniyo idaonetsa makolo enieni a mtsikanayu. Gulu lachitatu likuti zili bwino momwemu, Liko ndi Roy apitirize.

Ine ndili ndi gulu lachitatuli, ndipo chifukwa changa chagona pa momwe nkhani ya Ash idamangidwira. Mnyamatayu adali ndi cholinga chimodzi, ndipo tsiku lomwe akadachipeza, nkhani ikadathera pomwepo. Choncho olemba adayenera kumamugwetsa. Masewero atsopano akatuluka ndi dera latsopano, Ash ankasiya tinyama take tamphamvu kunyumba n'kukayambanso pansi. Atangofika ku Unova, Pikachu yemwe adagwetsapo zimphona adagonja kwa Snivy wa mnyamata wongoyamba kumene. Olemba adapereka chifukwa chake, koma owonera ambiri adaona kuti akungomubweza m'mbuyo dala. Tsono lero Ash ndi katswiri wa dziko lonse. Mukamubweza mlungu ndi mlungu, mwina muzimugonjetsanso, zomwe n'kunyoza zaka zonse zija, kapena azingopambana, zomwe n'zotopetsa kuonera.

Wina anena kuti nanga Kalulu wa m'nthano zathu adakalambapo liti? N'zoona, Kalulu sakalamba ndipo sitimutopa. Koma Kalulu alibe kumene akupita. Lero apusitsa Njovu, mawa Fisi, mkuja agwidwa ndi Kamba pachitsime, ndipo nthano iliyonse imadziimira payokha. Mu Pokémon ofanana ndi Kalulu ndi akuba aja a Team Rocket, Jessie, James ndi Meowth, omwe ankalephera tsiku ndi tsiku ife n'kumaseka. Ash adatilonjeza ulendo wokhala ndi kofikira. Munthu wapaulendo akafika, timamulandira katundu n'kumupatsa mpando.

Horizons yachita zinthu zomwe nkhani ya Ash sinkatha kuchita. Liko adayamba ali mtsikana wamanyazi, wosadziwa chimene akufuna, atavala mkanda womwe agogo ake adamupatsa. Mkandawo udali ndi chinsinsi, ndipo nkhani imayenda ikuchivundukula pang'onopang'ono, gawo lililonse likulumikizana ndi linzake. Mu 2025 olemba adalumphitsa nkhaniyi ndi chaka chathunthu, ana aja n'kuoneka kuti asinkhukirapo. Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ash adamusunga m'dziwe limodzi kwa zaka zonse zija, pomwe anzakewa awalola kukula.

Sindikupeputsa chisoni cha amene akumusowa. Mawu a Satoshi m'Chijapani ankalankhula ndi mayi mmodzi, Rica Matsumoto, kuyambira gawo loyamba mpaka lomaliza. Liwu lomwe walimva kuyambira uli ku pulayimale mpaka wabereka ana limasanduka ngati la m'bale, ndipo likasowa pamakhala bii. Komabe chisoni cha akuluakulu chisakhale chiwongolero cha katuni ya ana. Mwana wa zaka 8 lero alibe ngongole ndi Ash. Akuyenera kukhala ndi wake woyamba naye ulendo kuchokera pa gawo loyamba, monga momwe akulu ake adachitira mu 1997. Ndipo mtsikana wamng'ono akaona kuti nkhani yonse yatsamira pa Liko, osati kungokhala woperekeza mnyamata, chimenecho n'chinthu chomwe amayi ake sadachione ali ana.

Nkhawa yanga ili pa ndalama. Pokémon ndi malonda aakulu a masewero, makadi ndi zidole, ndipo katuni ndi imodzi mwa njira zoitanira ogula. Onani kuti Ash adachoka koma eni ake sadalole kuti Pikachu asowe: mu Horizons muli wina wovala chipewa, Captain Pikachu. Choncho tsiku lina owonera akadzachepa, chiyeso chomudzutsa Ash chidzakhalapo, ndipo phokoso la omusowa lidzakhala chonamizira chabwino. Akadzabwera mwa njira imeneyo, adzakhala wobwera kudzagulitsa katundu, ndipo oyamba kukhumudwa adzakhala omwewo akumulirira lero.

Ngati eni katuniyi akufuna kutonthoza gulu lachiwiri lija, apange filimu imodzi yapadera yoonetsa Ash atakula, anthu aone, alire, akagone. Koma pulogalamu ya mlungu ndi mlungu aisiyire Liko, Roy ndi ena odzabwera pambuyo pawo. Inu makolo amene mudakula ndi Ash, magawo ake akalipo, mukhoza kuwaonetsa ana anu. Mukatero, khalani nawo pansi muonere limodzi gawo la Horizons, ndipo muwafunse amene akumukonda. Yankho lawo mutilembere patsamba lino.