Mipando mumawerenga, nanga za m'kompyuta?

Lowani m'maofesi ambiri pa boma la Mulanje, mutembenuze mpando. Mupezapo nambala yolemba ndi penti kapena kapepala komata. Tebulo lili ndi nambala yake, kabati chimodzimodzi, ndipo chaka chikamatha owerengera chuma amabwera kudzaona ngati katundu yense alipo. Koma tafunsani kuti m'kompyuta ili patebulopo muli mapulogalamu angati, anaika ndani, nanga analipira ndani. Aliyense amangoyang'ana mnzake.

Tsiku lina ndinapita ku ofesi ina kukasindikizitsa kalata. Pakona pa sikirini panali timawu toti "Activate Windows". Nditafunsa, mayi wa pa ofesipo anaseka n'kunena kuti kompyutayo inabwera choncho, ndipo ikavuta amaitana mnyamata wina wa ku Chitakale amene amabwera ndi flash yake. M'kompyuta momwemo ndi mmene muli maina a anthu, manambala a ziphaso zawo za unzika ndi malipiro a antchito.

Mnyamata wa flash uja tonse timamudziwa, ena mwa inu ndinu amene. Sitikumunyoza ayi, akusaka ya sopo. Vuto ndi la bwana amene sadziwa chimene chalowa m'makina a bungwe lake. Pulogalamu ya crack imafuna kuti uyambe wazimitsa antivirus kuti ilowe, ndiye kuti watsegula chitseko wekha usiku osadziwa amene akulowa limodzi ndi mlendoyo. Komanso lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta monga limatetezera nyimbo. Bungwe logwiritsa ntchito Office yakuba silisiyana ndi wogulitsa nyimbo za oimba athu pa memory card popanda chilolezo.

Ife tikuti ntchito yoyamba, bungwe lisanagule chilichonse, ndi kalembera. Khonsolo, sukulu, chipatala, SACCO, esiteti ya tiyi, aliyense akhale ndi kaundula wa mapulogalamu. Ntchitoyi siyofuna katswiri wochokera ku Blantyre. Pa Windows mukalowa mu Settings n'kupita pa Apps, mndandanda wonse umaoneka. Munthu mmodzi wokhala ndi kope akhoza kuzungulira makompyuta 15 tsiku limodzi, kulemba dzina la pulogalamu, mtundu wake, ndi amene amaigwiritsa ntchito.

Kenako pamabwera kusankhula, ngati mmene amayi amasankhira nyemba palichero. Ina ndi yogula ndipo risiti ilipo, ina ndi yaulere, ina ndi yakuba. Koma gulu limene anthu amaliiwala ndi la mapulogalamu amene eniake anasiya kuwasamalira. Microsoft inasiya kutumiza zotetezera Windows 7 mu January 2020, ndipo pa 14 October 2025 inachitanso chimodzimodzi ndi Windows 10, kupatula kwa amene alowa m'dongosolo lapadera. Kompyuta yotere imayaka bwinobwino, n'chifukwa chake palibe amene amadandaula. Mu May 2017 vairasi ya WannaCry inalowa m'makompyuta osalandira zotetezera m'maiko pafupifupi 150, mpaka zipatala zina za ku Britain zinabweza odwala. Ngati zinachitika kumeneko, kuli bwanji kuno?

Kwathu konkuno tinalawako. Mu February 2024 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu alowa m'makina a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko ndipo akufuna dipo. Kwa milungu ingapo anthu sanathe kupeza mapasipoti.

Palinso nkhani ya ndalama, ndipo apa mabwana tcherani khutu. Mapulogalamu ambiri masiku ano sagulidwa kamodzi. Microsoft 365 imalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, potengera chiwerengero cha anthu, ndipo mtengo wake umatsatira dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bilu imeneyi inakwera nthawi yomweyo. Bungwe lopanda kaundula limatha kumalipirirabe munthu amene anasiya ntchito kalekale, pomwe wina patebulo loyandikana akugwiritsa ntchito crack.

Ena anena kuti layisensi n'njodula, ofesi ya kumudzi singakwanitse. N'zoona, sitikana. Koma mukalemba kaundula mudzaona kuti ambiri amangofuna polembera kalata ndi powerengera ndalama basi, ndipo LibreOffice imachita zimenezo mwaulere komanso mwalamulo. Musaganize kuti chaulere n'chachabechabe: DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala, ndi pulogalamu yaulere yochokera ku University of Oslo. Ndalama zochepa zimene zilipo zipite kwa akauntanti ndi ena amene akufunikadi pulogalamu yogula.

Achinyamata amene muli pa internship m'maofesi a m'boma lino, bwana akadzakutumani kuti muike Office ya pa flash, mufunseni kaye ngati alipo amene analembapo zimene zili kale m'kompyutamo. Akati palibe, pemphani kope ndi tsiku limodzi.