ZA MOYO WA M'BANJA: Tulo Tosapumitsa Thupi



Mwezi uno tifuna kukamba nanu za munthu wina amene apezeka m'midzi yambiri, ngakhale dzina la nthenda yache silidziwika kwa anthu. Munthuyo alowa m'nyumba madzulo monga anzache, nagona. Koma tambala akalira adzuka ali wolema koposa m'mene anagonera, msana uli kuwawa, m'thupi monse muli kuphwanya, mutu uli wolemera. Khasu limlaka, mtsuko wa madzi umlaka. Pakapita mwezi anthu amchitira chisoni. Pakapita chaka ayamba kunong'onezana. Ena ati ndi ulesi chabe. Ena ati analodzedwa, ndipo chala chiloza nkhalamba yosalakwa ya kumapeto kwa mudzi. Mau onse awiriwa apasula mabanja. Chifukwa chache taganiza kukufotokozerani zimene madotolo anapeza pofufuza tulo, kuti tidziwe kuweruza molungama ndi kuthandiza mwanzeru.

Makolo athu anadziwa kale kuti tulo si ta mtundu umodzi, pakuti anasiyanitsa kusinza ndi tulo tofa nato. Koma njira yotiyesera inapezeka mochedwa. Chaka cha 1924 dotolo wa ku Germany, Hans Berger, wa mu mzinda wa Jena, anaika tizitsulo pa mutu wa munthu, napeza kuti ubongo utulutsa timphamvu ta magetsi tating'ono kwambiri, timene makina angathe kutilemba pa pepala monga mafunde a pa nyanja. Anthu ena anatsata njira yache, ndipo chaka cha 1953 ku Chicago, m'dziko la America, Nathaniel Kleitman ndi wophunzira wache Eugene Aserinsky anaona kuti pa nthawi zina za usiku maso a munthu wogona athamanga uku ndi uku mkati mwa zikope. Ndipo akamdzutsa nthawi yomweyo, kawiri-kawiri anena kuti anali kulota.

Tsono lero chidziwika kuti munthu akagona ayamba ndi tulo topepuka, natsikira ku tulo tofa nato, nakweranso ku tulo ta maloto. Ulendo umenewu utenga ngati mphindi 90, ndipo ubwerezeka kanai kufikira kasanu ndi kamodzi usiku umodzi. Tulo tofa nato tichuluka kuchiyambi kwa usiku, ndipo ta maloto tichuluka mbandakucha. Munthu wamkulu asowa maora 7 kapena kupitirirapo. Koma kuchuluka kwa maora pakokha sikukwanira ai. Monga nsima yochuluka koma yosapsya siikhutitsa bwino, chomwechonso tulo tautali koma todukaduka sitipumitsa thupi.

M'zipatala zazikulu zimene ziri ndi makina ache, kupima tulo kuchitika motere. Wodwala abwera madzulo, nagona m'chipinda chayekha. Ammata timawaya pa mutu kuti aone mafunde a ubongo, pambali pa maso, pa chibwano ndi pa miyendo. Ammanga malamba ofewa pa chifuwa ndi pa mimba kuti aone m'mene apumira. Aika kanthu pa mphuno koyesa mpweya, ndi kena pa chala koyesa mpweya wabwino wa m'magazi. Palibe jekeseni, palibe kucheka. Kukacha dotolo awerenga zonse zimene makina analemba usiku wonse, ndipo aona zinthu zimene mwini wache sazikumbuka konse.

Chimene makinawa apeza kawiri-kawiri ndi nthenda yobanika m'tulo. Munthu akagona, mnofu wa kukhosi ulefuka nutseka njira ya mpweya. Aliza mkonono waukulu, kenaka akhala chete osapuma masekondi 10 kapena kupitirira, mpaka ubongo umdzidzimutsa kuti apume. Atsamwa, nagonanso osadziwa kanthu. Madotolo ati nthenda yafika poopsya ngati izi zichitika ka 30 pa ora limodzi. Tawerengani nokha: pa maora 7 munthu wotere adzutsidwa koposa ka 200. Nanga tidabwe bwanji akamasinza pa Misa kapena pa msonkhano? Nthendayi ikweza kuthamanga kwa magazi, nilemetsa mtima, ndipo ndi yoopsya kwa oyendetsa galimoto. Chaka cha 1981 dotolo wa ku Sydney, m'dziko la Australia, Colin Sullivan, anaonetsa makina ouzira mpweya pang'ono-pang'ono m'mphuno kuti khosi lisatsekeke, otchedwa CPAP, ndipo athandiza anthu ochuluka kufikira lero. Makina opima tulo apezanso ena amene miyendo yao ipalasa usiku wonse. Mwa iwo alipo amene thupi lao lichepekedwa chitsulo cha m'magazi, chinthu chimene chiri ndi mankhwala ache.

Tsopano tibwere ku ululu. Madotolo atcha ululu wokhalitsa umene wapitirira miyezi 3. Ali yense adziwa kuti dzino lowawa lilanda tulo. Koma chimene ambiri sadziwa ndi chakuti kusowa tulo nakonso kubala ululu. Ku Toronto, m'dziko la Canada, dotolo Harvey Moldofsky anapima tulo ta anthu odandaula kuphwanya kwa thupi lonse, nthenda imene lero itchedwa fibromyalgia, ndipo chaka cha 1975 analengeza kuti mkati mwa tulo tao tofa nato munali kulowerera mafunde a ubongo onga a munthu amene ali maso. Thupi liri gone, koma ubongo uli kulonda monga mlonda wa pa munda. Anatenganso anthu a moyo wabwino, nawasokoneza ndi phokoso nthawi iri yonse akafika pa tulo tofa nato. Patapita usiku ungapo iwonso anayamba kudandaula kuwawa kwa minofu, ndipo atawaleka agone bwino ululu unatha. Kotero ululu ulanda tulo, kusowa tulo kukuza ululu, ndipo wodwala azungulira pomwepo monga mbuzi yomangidwa pa chikhomo. Koma m'menemo mulinso chitonthozo, pakuti wokonza tulo achepetsako ululu.

Palinso nthenda ina yolemera, ya kutopa kosatha, imene madotolo aitcha ME. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linailemba pakati pa nthenda za ubongo ndi mitsempha chaka cha 1969. Kawiri-kawiri iyamba munthu atadwala nthenda ina yopatsirana, ndipo kuyambira mliri wa COVID-19 wa chaka cha 2020 anthu ambiri aonetsa zizindikiro zonga zache. Chaka cha 2015 akatswiri a ku America analongosola zizindikirozo: kutopa kwakukulu kwa miyezi 6 kapena kupitirira, tulo tosapumitsa, mutu wosagwira zinthu kapena chizungulire poimirira, ndipo makamaka ichi, chakuti munthu akadzikakamiza kugwira nchito, nthenda ikula mawa lache kapena mkucha, nimgoneka masiku angapo. Makina opima tulo sangathe kuiona nthenda imeneyi payokha. Nchito yao ndi kuonetsa ngati pali chifukwa china, monga kubanika kuja. Mankhwala oichiza kotheratu sanapezeke. Kale odwalawa anali kuuzidwa kuti aonjezere nchito sabata ndi sabata, koma chaka cha 2021 bungwe lolangiza madotolo ku Britain linaleka malangizo amenewo. Chothandiza ndi kugawa mphamvu, monga mai wanzeru agawa chimanga cha m'nkhokwe kuti chifike pa masika, osachitha chonse pa phwando limodzi.

Mwina mudzati: Makina otere kwathu kuno kulibe, nanga ife tichitenji? Zochita ziripo, ndipo zina sizilira ndalama.

Choyamba, mperekezeni wodwala ku chipatala, pakuti kutopa kokhalitsa kuli ndi magwero ambiri amene apimika ndi kuchizika pafupi: kuchepa kwa magazi, malungo obwerezabwereza, chifuwa chachikulu, HIV, shuga, likodzo, chithokomiro, ndiponso chisoni chachikulu cha mumtima chimene nachonso ndi nthenda. Okhala pafupi ndi nkhalango za Nkhotakota ndi Vwaza akumbukire kaodzera, wobwera ndi ntchentche ya tsetse: munthu wa malungo ndi mutu, wosinza usana ndi kusowa tulo usiku, asachedwe ngakhale tsiku limodzi, chifukwa nthendayo ipha ikapanda kuchizidwa.

Chachiwiri, banja lingathe kupima tulo m'njira yache yaing'ono. Mwana wa sukulu atenge kope, alembe masiku 14: nthawi imene wodwala anagona, kangati anadzuka, nthawi imene anauka, chimene anamwa madzulo, nchito imene anagwira, ndi kukula kwa ululu m'mawa. Mwamuna kapena mkazi wache amvetsere usiku ngati aleka kupuma, atsamwa kapena apalasa miyendo, ndipo akanene kwa dotolo osachita manyazi. Kope lotere liuza dotolo zambiri koposa mau akuti m'thupi simuli bwino.

Chachitatu, konzani magonedwe. Wodwala agone ndi kudzuka nthawi imodzimodzi masiku onse, naone kuwala kwa dzuwa m'mawa. Tiyi ndi khofi amwe m'mawa mokha, pakuti mphamvu yache yochotsa tulo ikhala m'magazi maora ambiri. Patapita ngati maora 5 theka lache likali momwemo. Mowa ndi kachasu zinyenga: zigonetsa msanga, koma zidula tulo pakati pa usiku, nizikuza mkonono ndi kubanika. Lamya ya m'manja ikhale kutali ndi pogona. Masikito akhale osang'ambika, nsikidzi zithamangitsidwe, ndipo wodwala msana apatsidwe pogona pabwino koposa m'nyumbamo, ngakhale pakhale pa mwini nyumba. Woliza mkonono agonere m'mbali, osati chagada. Wa ululu wa m'minofu athandizidwa ndi kuyenda pang'ono tsiku ndi tsiku. Koma ngati nchito iri yonse imgwetsa mawa lache, asakakamizidwe.

Chachinai, chenjerani ndi mapiritsi ogula pa msika. Ogonetsa monga diazepam azolowereka, munthu nakhala kapolo wao, ndipo aonjeza kubanika m'tulo. Opha ululu monga ibuprofen, akamwedwa miyezi yambiri popanda uphungu wa dotolo, aononga m'mimba ndi impso.

Tsono, abale, titembenukire ku mbali ya mzimu. Katekismu atiphunzitsa kuti ulesi ndi limodzi la machimo akulu asanu ndi awiri, ndipo sitifuna kuuchepetsa. Koma kusiyana kwache nkoonekera: waulesi angathe koma safuna; wodwala afuna koma sangathe. Waulesi akondwa anzache akapita ku munda. Wodwala atsala m'nyumba misozi iri m'maso. Kutcha munthu wotere waulesi, kapena kunamizira nkhalamba ufiti chifukwa cha iye, ndiko kuphwanya lamulo lachisanu ndi chitatu, ndipo ndi tchimo loyenera kuululidwa. Ndalama zimene zithera kwa woombeza zikadakwanira ulendo wa ku chipatala. Akulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Thupi lachenso ndi chimodzimodzi. Nthenda yopanda bala si nthenda yabodza.

Kumbukirani mneneri Eliya pamene anagwa ndi kutopa m'chipululu, nalakalaka kufa. Mulungu sanayambe ndi kumdzudzula ai; anamleka agone, natuma mngelo kumpatsa mkate ndi madzi, namlekanso agone kachiwiri, ndipo pambuyo pache anamtuma pa ulendo. Ambuye Yezu amene anagona m'ngalawa atalema ndi makamu a anthu. Tulo si chinthu chochititsa manyazi. Ndi mphatso ya Mlengi kwa thupi limene anaumba ndi dothi.

Inu atate, ngati mai wa m'nyumba ali wotere, musamuopseze ndi mitala kapena kumbweza kwao. Munalonjeza pa guwa kukhala naye pa mtendere ndi pa mabvuto. Inu amai, ngati ndi bambo, musamnyoze pamaso pa ana. Inu apongozi, gwirani lilime lanu. A mu mphakati apangane tsiku lomlimira munda ndi kumtungira madzi, ndipo auze Bambo Mfumu kuti amtengere Ukaristia ku nyumba, pakuti Eklezia sakakamiza wodwala kuyenda mtunda umene sangathe. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Ndipo inu odwala, amene muwerenga maora a usiku anzanu ali mtulo, musadziyese otayika kapena otembereredwa. Nenani zoona za m'thupi mwanu kwa dotolo ndi kwa abale, gwirani nchito imene mungathe, ndipo imene simungathe muisiye m'manja mwa Mulungu popanda kudzitsutsa. Tipempha mabanja onse kuti mwezi uno, pa mapemphero a madzulo, aonjezepo Tikuoneni Maria mmodzi chifukwa cha onse osowa tulo m'parishi mwathu, ndipo kukacha wina apite kukawaona.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.

Ife anu mwa Kristu,
Mphunzitsi wa Katekismu