Dambo ndi sefa ya nyanja yathu, tisalimalize



Ambiri tikamva za mabakiteriya timangoganiza matenda. M'pomveka, pakuti kolera yomwe inabuka m'dziko muno mu 2022 inapha anthu oposa 1,700. Koma Allah analenganso mabakiteriya ena omwe ntchito yawo ndi kuyeretsa madzi, ndipo amakhala m'matope a madambo athu omwewa, pamizu ya mabango ndi gumbwa. Tikamagalauza dambo mpaka m'madzi, tikupirikitsa antchito osatilipiritsa ngakhale tambala.

Nkhani yake ili motere. Mu yuriya muli nayitrojeni, mu 23:21 muli nayitrojeni ndi fosiforasi. Ziwirizi zimapezekanso mu ndowe, mumkodzo ndi m'zam'chimbudzi. M'munda ndi chakudya cha mbewu. Koma mvula ikazikokolola n'kutsetsereka nazo mu Namikokwe, Nadzipulu kapena Livulezi mpaka kunyanja, zimanenepetsa ndere ndi namasupuni. Ndere zikachulukana n'kufa, zimawola ndi kumaliza mpweya womwe nsomba zimapuma. Chambo chimaswanira kosaya, komwe zonyansazi zimafikira. Anzathu a kunyanja ya Victoria anaziona kale m'zaka za m'ma 1990: namasupuni anatseka madoko, mabwato osatuluka. Tsono nyanja yathu ili ndi khomo limodzi basi, Shire. Chomwe chalowa sichituluka msanga.

Nanga mabakiteriyawa amatani? Pomwe pali mpweya, gulu lina limasintha amoniya, uja amanunkha mumkodzo, kukhala nayitireti. Pansi m'matope, mopanda mpweya, gulu lina limasandutsa nayitiretiyo kukhala mpweya wa nayitrojeni, n'kuuluka. Fosiforasi yekha sauluka: wina amagwidwa ndi dothi, wina amayamwidwa ndi mizu, wina mabakiteriya amamusunga m'matupi mwawo. M'zaka za m'ma 1970, injiniya James Barnard wa ku South Africa anakonza njira yodutsitsa madzi a suweji m'mathanki osiyanasiyana, ena a mpweya ena opanda, kuti mabakiteriya achotse zonse ziwiri popanda mankhwala. Mizinda yambiri ikugwiritsa ntchito njirayi lero, ndipo imalipira simenti ndi magetsi. Ife ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka tinangopatsidwa ulere.

Wina anena kuti, "Aaa, nanga tidya mabango? Malo achepa." Zoonadi. Dimba ndi lomwe limatipulumutsa chaka cha njala, ndipo mpunga wa ku sikimu ya Bwanje ndiwo ukuphunzitsa ana. Sindikuti tisiye kulima ayi. Koma taganizani: fetereza wopita ndi madzi ndi yemwe uja munagula modula. Mlimi waluza, msodzi waluza, wadyerera ndi namasupuni.

Zoyenera kuchita sizofuna ndalama. Tisiye kachigawo ka mabango ndi udzu pakati pa munda ndi mtsinje. Mabangowo tisawotche, tizimweta n'kuluka mphasa kapena kumangira mipanda. Tikatero fosiforasi uja tamuchotsa m'dambo. Fetereza tizikwirira, osathira mvula yamphamvu ili m'mwamba. Chimbudzi ndi khola zitalikire mtsinje ndi chitsime. Pamzikiti, madzi a udhu asamangodikha pakhomo n'kuswa udzudzu: alowe m'dzenje la timiyala, m'mbali mwake tibzalemo nthochi. Madzi amenewo ndi a mbewu, si akumwa.

Mtumiki Muhammad (SAW) analetsa kukodza m'madzi odikha, ndipo palibe Swala popanda twahara. Ife amene timafuna madzi oyera kasanu patsiku, tikhale bwanji omalizira kuwateteza? Mashehe athu aiyike nkhaniyi mu khutba ya Lachisanu mvula isanagwe. Mafumu, alangizi ndi makomiti a m'madoko akhale pansi limodzi, chifukwa wakumtunda ndi wakunyanja amadya mbale imodzi.

Nyanja ndi amana yomwe tidzafunsidwa nayo. Allah atipatse nzeru zoisamala, kuti ana athu adzapezemo chambo ndi usipa, Insha Allah.