Kuchira kwa odwala pilonidal sinus kwagona pa luso la anamwino

Nthenda ya pilonidal sinus ndi kabowo kotuluka mafinya kumunsi kwa msana, komwe kamadza ubweya ukalowa m'khungu. Imagwira kwambiri amuna achinyamata okhala pansi nthawi yaitali, monga madalaivala ndi ogwira ntchito m'maofesi.

Opaleshoni yake sitenga nthawi, koma bala likasiyidwa losasoka limatha masabata 6 mpaka 12 lisanapole. M'masabata amenewa namwino ndiye amatsuka balalo, kusintha mabandeji ndi kuchotsa ubweya m'mbali mwake. Ntchitoyi ikalakwika, bala limachedwa kupola, nthenda imatha kuyambiranso ndipo wodwala amakhalitsa osapita kuntchito.

Choncho sukulu yaukachenjede ya KUHeS ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi akuyenera kuikapo mtima pa maphunziro osamalira mabala otere.